Kusaka afiti patebulo: kaseweredwe ka Salem 1692 ndi pamene gemu imaonongekera

Munthu uja akhala akumuloza chala kuyambira gemu itangoyamba. Makadi ofiira aunjikana patsogolo pake mpaka akwana mapointi 7, ndipo amene waponya lomaliza akutambasula dzanja, akusankha limodzi mwa makadi asanu ovindikira, n'kulitembenuza. Lalembedwa kuti si mfiti. Tebulo lonse likuti "aa, tamulakwira mnzathu," n'kutembenukira wina.

Apa ndi pamene anthu a m'mudzi, ndiye kuti osewera amene si afiti, amaluzira gemu ya makadi ya Salem 1692, ndipo ambiri sazindikira n'komwe. Khadi limodzi lija silinamuyeretse munthuyo. Ngati alidi mfiti, khadi la ufiti ndi limodzi lokha pakati pa asanu, choncho pozenga mlandu woyamba mumaligwira kamodzi pa maulendo asanu. Mukamuzenganso kachiwiri, ndi kamodzi pa maulendo anayi. Kuwerengera bwino, pa afiti asanu amene mwawaloza molondola n'kuwazenga kawiri konse, atatu amatuluka ali moyo, nkhope zili gwa. Amene wamvetsa masamu amenewa wayamba kale kusewera bwino kuposa theka la tebulo.

Salem 1692 ndi masewera a makadi a kampani ya Facade Games. Anawapanga ndi Travis Hancock ndipo anatuluka mu 2015, m'bokosi looneka ngati buku lakale loti mukaliika pashelefu palibe angadziwe kuti muli makadi. Amasewera anthu 4 mpaka 12, ndipo gemu imodzi imatenga pafupifupi theka la ola ngati anthu sakukokakoka. Kholo lake ndi masewera otchedwa Mafia, amene Dimitry Davidoff anayambitsa ku Moscow State University m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1997 Andrew Plotkin anawaveka nkhani ya anthu osanduka mimbulu. Mfundo ndi imodzimodzi monsemo: kagulu kochepa kodziwana kakulimbana ndi gulu lalikulu losadziwana. Chosiyana mu Salem 1692 n'chakuti munthu sakhala ndi khadi limodzi lonena chimene iye ali, amakhala ndi angapo, ndipo ufitiwo umayenda. Woyamba gemu ali wosalakwa akhoza kuimaliza ali mfiti.

Kuyala tebulo

Makadi ali m'magulu anayi ndipo musawasakanize. Oyamba ndi makadi a anthu a m'mudzi, alipo 15, lililonse lili ndi dzina komanso mphamvu yakeyake. Aliyense amalandira limodzi n'kuliika poonekera. Mukakhala 7 kapena ocheperapo, makadiwa amakwana kupatsa aliyense awiri kuti asankhepo.

Achiwiri ndi makadi a mlandu, ovindikira aja. Ambiri alembedwa kuti si mfiti, limodzi ndi la wapolisi, ndipo a ufiti amatengera kuchuluka kwa anthu: limodzi mukakhala 4 kapena 5, awiri kuyambira anthu 6 mpaka 12. Anthu 4 mpaka 7 amalandira makadi asanu aliyense, anthu 8 kapena 9 anayi, anthu 10 mpaka 12 atatu. Ndiye ngati muli 8, mukufunika makadi 32: a ufiti 2, la wapolisi 1, ndi 29 a osalakwa. Werengani kawiri musanagawe. Gemu imene khadi la ufiti latsalira m'bokosi imayenda bwinobwino kwa mphindi 20, anthu n'kumaphana, mpaka wina adzatsegule bokosi n'kupeza mfiti ili phee pansi.

Achitatu ndi mulu wosewerera, makadi 59. Musanagawe chotsani atatu: Mphaka Wakuda, Chiwembu (pakhadi palembedwa Conspiracy) ndi Usiku. Gawirani aliyense makadi atatu a m'manja, bwezerani Chiwembu mumulu n'kusakaniza, kenako Usiku muuike pansi penipeni pa mulu. Achinayi ndi makadi ophera, amene ali ndi maina omwe aja 15. Siyani okhawo a anthu amene ali pagemu, enawo abwerere m'bokosi.

Musanatseke maso koyamba, zungulirani tebulo aliyense atchule dzina la khadi lake ndi mphamvu yake mokweza. Anthu amadumpha zimenezi poti n'zochedwetsa, koma usiku ukafika mfiti imafunika kudziwa kuti amene ikufuna kupha dzina lake la pakhadi ndi ndani. Ikayamba kusuzumira kuti iwerenge khadi la munthu wakutali, mpando umalira, ndipo gemu yathera pomwepo.

Kenako kumabwera m'bandakucha. Onse atseka maso, afiti okha atsegula, aonana, n'kuika Mphaka Wakuda patsogolo pa munthu amene agwirizana. Wolandira mphakayo ndiye amayamba kusewera. Ongoyamba kumene amaganiza kuti wopatsidwa mphaka ndi wosalakwa basi, poti afiti sangadzipweteke okha. Angathe. Mtengo wake ndi khadi limodzi lodzavundukulidwa pa Chiwembu, ndipo mfiti ya makadi asanu ikhoza kulolera ngozi ya kamodzi pa kasanu kuti igule chikhulupiriro cha tebulo lonse. Ya makadi atatu ikachita zimenezo ndiye kuti ndi yolimba mtima kapena sinawerenge.

Nthawi yanu ikafika

Mumasankha chimodzi mwa ziwiri: kutola makadi awiri pamulu, kapena kuponya makadi a m'manja mwanu, kaya limodzi kaya onse. Simungachite zonse ziwiri, ndipo simungadziponyere khadi nokha, ngakhale lokutetezani. Lamulo lachiwirili ndi limene limachititsa kuti anthu azinyengererana, chifukwa chabwino chilichonse chimene mungalandire chimachokera m'dzanja la wina.

Makadi ofiira ndiwo oneneza. Wamba ndi pointi imodzi ndipo alipo 35. A umboni ndi mapointi atatu, alipo asanu. La mboni yoona ndi maso ndi limodzi lokha ndipo ndi mapointi 7, kutanthauza kuti lokhalo limatsegula mlandu. Munthu akafikitsidwa pa 7, amene waponya khadi lomaliza amasankha khadi la mlandu loti livundukulidwe, ndipo ofiira onse amene anali patsogolo pa wozengedwayo amatayidwa. Likatuluka la ufiti, wafa. Makadi ake onse akatha kuvundukulidwa, wafanso, ngakhale akhale woyera ngati thonje. A m'mudzi amapambana makadi onse a ufiti akaonekera. Afiti amapambana pamene aliyense wotsala ndi moyo ali mbali yawo.

Tsono phatikizani mapointi ofiira onse: 35, kuonjeza 15, kuonjeza 7, akukwana 57. Gawani ndi 7. Mulu wonse, utati wagwiritsidwa ntchito popanda kutaya pointi ndi imodzi yomwe, ungatsegule milandu 8 yokha. Patebulo penipeni siifika n'komwe pamenepo, chifukwa ena mwa makadiwo ali m'manja mwa afiti, ena amafufutidwa, ena amapsa. Ndiye taganizani tebulo la anthu 8 pamene aliyense ali ndi mapointi awiri kapena atatu patsogolo pake. Mapointi 20 amwazika, palibe khadi ndi limodzi lomwe lavundukulidwa, ndipo usiku ukuyandikira. Afiti sasowa kunama pagemu yotere. Amangothandiza kumwaza, pointi imodzi uku, ina uko, akuoneka otanganidwa. Muziyang'anitsitsa munthu amene nthawi zonse amayambitsa mlandu watsopano pamene wina uli kale pa mapointi asanu.

Obiriwira amagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa. Pali lofufuta zoneneza mpaka zitatu patsogolo pa munthu, la matangadza lodumphitsa munthu ulendo wake, lotentha makadi onse a m'manja mwa wina, lolanda makadi a m'manja n'kupatsa munthu wina, losamutsa zonse zili patsogolo pa munthu n'kuzisenzetsa mnzake, ndi la temberero lochotsa khadi labuluu. Abuluu amakhalitsa: lina limateteza munthu usiku, lina limaletsa kuti asanenezedwe ndi makadi ofiira, ndipo awiri a ukwati amamanga anthu awiri kuti wina akaphedwa mnzake apite naye. Mphaka Wakuda nayenso ndi wabuluu, choncho akhoza kuchotsedwa kapena kusamutsidwa.

Pa onsewa, amene amanena zambiri za woponya ndi lofufuta zoneneza ndi loletsa kunenezedwa. Mawu ndi aulere, aliyense akhoza kulumbira. Koma munthu akaononga khadi lake kupulumutsa mnzake amene ali pa mapointi 6, walipira, ndipo muzikumbukira kuti analipirira ndani.

Mulu ndi wotchi

Usiku uli pansi pa mulu, choncho aliyense wotola makadi awiri akuukokera pafupi, ndipo woponya akuuchedwetsa. Mukakhala anthu 8, mutagawa atatuatatu, pamwamba pa Usiku pamatsala makadi 33. Kumeneko ndi kutola maulendo 17, ngati kuzungulira tebulo kawiri. Mukakhala 12 pamatsala 21, ndipo usiku woyamba ukhoza kugwa ena asanasewereko n'komwe kawiri. Mukakhala anayi pamatsala 45, masana aatali kwabasi.

Afiti amafuna usiku, ndiye kutola kumawakomera kawiri: kumawapatsa makadi ofiira amene akanagwera m'manja mwa a m'mudzi, komanso kumafulumizitsa mdima. Munthu amene wangokhalira kutola, m'manja muli makadi 9, osaponya, afunsidwe kuti akusungira chiyani. Nthawi zina yankho ndi labwino, akufuna adzatsegule mlandu yekha pa ulendo umodzi kuti wina asapeze mpata woufufuta. Njira imeneyi ndi yamphamvu ndithu, koma ili ndi mdani wake: khadi lotentha ndi lolanda. Dzanja lonenepa ndi limene limapsa.

Chiwembu

Khadi limeneli ndilo mtima wa gemu, ndipo ndi pamene matebulo ambiri amalakwitsa kachitidwe. Wolitola amaliponya nthawi yomweyo. Choyamba amavundukula khadi limodzi la mlandu la amene ali ndi Mphaka Wakuda. Kenako aliyense wamoyo amatenga khadi limodzi lovindikira kwa mnzake wa kumanzere, osaliona.

Onse atenge nthawi imodzi. Mukamatenga mmodzimmodzi, munthu amalandira khadi, n'kuliika pakati pa ake, wa kumanja kwake n'kutenga lomwelo, ndiye kuti khadi ladumpha mipando iwiri pa Chiwembu chimodzi, zimene siziyenera kutheka. Njira yosavuta ndi iyi: aliyense aike chala pa khadi limene wasankha, muonetsetse kuti zala zonse zakhazikika, muwerenge mpaka katatu, n'kukoka limodzi. Mukatero aliyense anyamule makadi ake onse ovindikira, awayang'ane kwa nthawi yofanana, awasakanize, n'kuwayalanso. Wosasakaniza wauza tebulo lonse pamene pali khadi latsopano. Ndipo woyang'ana khadi lake kwa kamphindi kotalikirapo kuposa anzake, kapena woliyang'ana kawiri ngati sakukhulupirira, wanena zonse ndi maso.

Lamulo lake ndi lakuti amene wagwirapo khadi la ufiti ndi mfiti mpaka gemu ithe, ngakhale khadilo litachoka. Wolilandira amasintha mbali pompo. Zonse zimene ankadziwa ali wosalakwa, kuphatikizapo amene anamunong'oneza kuti ndi wapolisi, zapita kwa afiti. Uwapolisi wokha ndiwo sukakamira: khadi likachoka, udindo wapita nalo.

Apa pali mfundo zitatu zimene wosewera wanzeru amazigwiritsa ntchito. Yoyamba, ufiti umayenda cha kumanja, mpando umodzi pa Chiwembu chilichonse. Mukagwira khadi la ufiti kwa munthu Chiwembu chitachitika kale kamodzi, pali njira ziwiri zokha: anali nalo kuyambira pachiyambi, kapena analitenga kwa wa kumanzere kwake. Kumbukirani mmene ankasewerera poyamba. Ngati anali wolusa posaka afiti kenako n'kuzizira mwadzidzidzi, wa kumanzere uja musamukhulupirirenso.

Yachiwiri, a m'mudzi sakusaka anthu, akusaka makadi. Mfiti imene khadi lake linachoka mukhoza kuizenga mpaka makadi ake onse atha, osapeza kanthu, mutaononga mapointi 28 kapena kuposa. Ngati mukukhulupirira kuti munthu anali mfiti poyamba koma milandu ikungotulutsa zoyera, sunthani diso mpando umodzi kumanja kwake.

Yachitatu ndi ya afiti. Khadi likachoka kwa inu, gulu lanu lakula ndipo inuyo mwatsala oyera m'manja. Mwayi woti lichoke umakula makadi anu ovindikira akamachepa: pa asanu ndi kamodzi pa kasanu, pa awiri ndi theka. Koma chiwerengero chomwecho ndi chimene wokuzengani mlandu ali nacho. Mfiti ya makadi awiri ili pampeni, ndipo chimene chifike msanga, Chiwembu kapena pointi ya 7, ndicho chigamule. Popeza Chiwembu chimatuluka kamodzi pa mulu uliwonse, ngati sichinatuluke ndipo mulu watsala pang'ono, aliyense akudziwa kuti chili pafupi. A m'mudzi asiye kutola, aponye zimene ali nazo pa munthu mmodzi.

Usiku, ndi phokoso lake

Khadi la Usiku likatoledwa, wolengeza, amene amayendetsa zochitika za usiku, amauza onse kuti atseke maso. Afiti onse, akale ndi atsopano, atsegula, asankha khadi lophera la munthu amene akumufuna, n'kuliika pamwamba pa mulu wa makadi ophera, chovindikira. Atseka. Wapolisi atsegula, aika kanyundo, kachizindikiro kotetezera, patsogolo pa munthu amene akufuna kumuteteza, koma osati iye mwini. Atseka. Onse atsegula maso, ndipo khadi lophera lisanatembenuzidwe, aliyense ali ndi mwayi wovomera mlandu: kuvundukula yekha khadi lake limodzi la mlandu kuti asaphedwe usiku umenewo. Kenako khadi lophera litembenuzidwa. Ngati wotchulidwayo ali ndi kanyundo, kapena wavomera, kapena ali ndi khadi labuluu lomuteteza, palibe wafa. Makadi otayidwa asakanizidwa kukhala mulu watsopano, Usiku ubwerera pansi, gemu ipitirira.

Kulemba n'kosavuta. Kuchita mwakachetechete ndiye nkhani. Magemu ambiri oonongeka amaonongeka ndi khutu, osati ndi nzeru. Mkono wa malaya ukhula patebulo, chibangili chilira, mpando wa kumanja kwanu upepuka, kanyundo kagunda thabwa cha kumapeto uko. Munthu wotseka maso amamva zonsezi ngakhale asakufuna, ndipo akamva sangadzichititse kuti sanamve.

Yalani nsalu yokhuthala patebulo. Makadi ophera ndi kanyundo zikhale pakati penipeni pamene dzanja la aliyense lifika osadzuka. Tebulo lalitali ndi loipa pa gemu imeneyi, chifukwa wa kumapeto sangafike pakati popanda kuimirira. Usiku wonse aliyense azigogoda tebulo pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi, kapena muyatse nyimbo, ndipo mfiti isasiye kugogoda pamene dzanja linalo likugwira ntchito, poti kugogoda kukaduka mbali imodzi ndi chizindikiro chokwanira. Aliyense asunthire mpando wake pafupi usiku usanayambe. Zoonerapo nkhope ngati zenera lagalasi kukada, kapena foni yoikidwa chagada, zichoke.

Makadi ophera musawayale poyera kuti afiti asavutike kusankha. Zimaoneka zanzeru, koma anthu akatsegula maso amaona dzina limene lasowa, ndipo wofunidwayo amangovomera mlandu n'kupulumuka. Akhale mulu umodzi wovindikira.

Wolengeza, pamene aliyense akadali moyo, ndi mmodzi wa osewera ndipo nayenso amatseka maso. Aziwerenga chamumtima mpaka 20 pa gawo la afiti ndi mpaka 10 pa gawo la wapolisi, ulendo uliwonse chimodzimodzi, osafunsa kuti "mwamaliza?" chifukwa palibe angayankhe. Ngati iyeyo ndi mfiti, alankhule atakhala mmene anakhalira, nkhope italoza komwe inaloza, poti mawu a munthu woweramira pakati pa tebulo amamveka mosiyana. Munthu woyamba kufa atenge udindowu. Kuyambira pamenepo zinthu zimapepuka: afiti amangoloza ndi chala, iye n'kusankha khadi lophera ndi kuika kanyundo, akuzungulira tebulo lonse kuti mapazi ake asaulule kumene waima.

Akufa ena onse atseke pakamwa, ndi nkhope yomwe. Wakufa amene waona afiti usiku n'kuseka pamene a m'mudzi akuneneza wosalakwa waononga gemu kuposa mpando wolira. Ngati sangathe kudzigwira, azitseka maso usiku ngati amoyo.

Kuvomera mlandu

Lamulo ili silinangopekedwa. Ku Salem, m'dera la Massachusetts ku America, milandu ya ufiti inayamba mu February 1692 pambuyo poti atsikana awiri a m'nyumba ya m'busa Samuel Parris, Betty Parris ndi Abigail Williams, anayamba kudwala modabwitsa. Oyamba kunenezedwa anali Tituba, Sarah Good ndi Sarah Osborne. Pomatha nkhaniyi anthu oposa 200 anali atanenezedwa, 19 atanyongedwa, kuyambira ndi Bridget Bishop pa 10 June, ndipo Giles Corey anafa mu September atamusanjikiza miyala chifukwa chokana kuyankha mlandu. Chodabwitsa n'chakuti amene anavomera kuti ndi afiti n'kukhalabe pa mawu awowo sananyongedwe. Onyongedwa anali okana. Tituba anavomera ndipo anapulumuka. Gemu inatenga chinthu chopweteka chimenechi n'kuchisandutsa lamulo: ukadzipereka pang'ono, ukhala ndi moyo mpaka mawa.

Pagemu, kuvomera kuli ndi mtengo wowerengeka. Pa makadi asanu mwataya gawo limodzi mwa asanu la moyo wanu, pa atatu gawo limodzi mwa atatu, ndipo wotsala ndi khadi limodzi sangavomere chifukwa kulivundukula ndi kufa. Wopatsidwa kanyundo asavomere, n'kutaya khadi pachabe. Amene ayenera kuganizira zovomera ndi amene waonetsa mphamvu masana: wotsogolera milandu, wa makadi ambiri m'manja, woganiziridwa kuti ndi wapolisi. Tebulo lonse likamavomera usiku uliwonse chifukwa cha mantha, afiti sapha munthu, inde, koma a m'mudzi akudzidya okha, ndipo pofika usiku wachitatu milandu ing'onoing'ono imayamba kupha osalakwa.

Mfiti imadziwa kuti siifa usiku, ndiye ilibe chifukwa chovomerera. N'chifukwa chake iyenera kuvomera nthawi zina. Munthu amene ali pakati pa mikangano yonse, alibe chomuteteza, koma usiku uliwonse amakhala mtima uli m'malo osavomera, ndipo safa, akudziulula pang'onopang'ono.

Wapolisi asadzitchule msanga. Sangadziteteze yekha, ndipo khadi lake likavundukulidwa, kaya pa mlandu kaya wafa, udindowo watha gemu yonse. Vuto lina n'lakuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi khadi la wapolisi ndi la ufiti nthawi imodzi. Wotereyu amaika kanyundo kwa amene akudziwa kuti sakuphedwa, ndipo mukamuzenga amakuuzani zoona zokhazokha: "mukavundukula la wapolisi mudzalira nokha." Khoswe wakhala pamkhate. Nthawi zambiri ndi bwino kumuzengabe ngati zizindikiro zina zikumuloza, chifukwa kanyundo kali m'manja mwa mfiti sikakutetezani kale.

Maina a pamakadi a anthu nawonso ndi a anthu enieni a nthawi imeneyo, ndipo mphamvu zina zimatsata mbiri. George Burroughs, m'busa amene ananyongedwa mu August 1692, pagemu amafunika mapointi 8 m'malo mwa 7. Thomas Danforth, mmodzi wa akuluakulu a boma, amatsegula mlandu pa mapointi 6. William Phips, bwanamkubwa amene anakhazikitsa khoti la milanduyi mu May n'kulithetsa mu October, akhoza kuvomera kamodzi osavundukula khadi. Tituba ali ndi mphamvu yoopsa kuposa onse: kamodzi pa gemu akhoza kuyang'ana mulu n'kuusanja mmene akufunira, kutanthauza kuti akhoza kusankha nthawi imene Chiwembu chituluke. Tituba amene mukumukayikira musamusiye afike ndi mphamvuyo pamene khadi la ufiti lili pafupi kugwidwa.

Popeza mainawo alipo, agwiritseni ntchito. Nenani kuti "ndikukayikira Sarah Good," osati dzina lenileni la mnzanuyo. Zimathandiza aliyense kuloweza maina a pa makadi ophera, komanso mawu oti mfiti ndi olemera, si onse amawatenga ngati nthabwala. Akagwera pa dzina la pakhadi amathera patebulo pomwepo. Ngati pagulu pali wina amene nkhani yotere imamukhudza, kapena ana oti mawa akapitiriza kutchulana kunja, sankhani gemu ina ya mtundu womwewu, ya mimbulu kapena ya Mafia. Kaseweredwe n'kofanana ndipo palibe chimene mwataya.

Kuchuluka kwa anthu

Bokosi limati 4 mpaka 12, koma gemu siikoma mofanana ponsepo. Pa anthu 4 kapena 5 mfiti imayamba yokha, masana ndi aatali, ndipo zambiri zimatsamira pa Chiwembu choyamba: khadi likayenda, afiti awiri pa anthu anayi ndi theka la tebulo. Pa 10 mpaka 12 aliyense ali ndi makadi atatu okha, mlandu uliwonse woloza molondola umagwira kamodzi pa katatu, anthu amafa msanga, ndipo wofa poyamba amadikira nthawi yaitali. Pakati apa, anthu 7 mpaka 9, ndi pamene pali mpata wokwanira wokangana komanso mulu wotalika bwino.

Pa gulu lalikulu ikani malire a nthawi yolankhula pa ulendo uliwonse, masekondi 30 ndi okwanira, apo ayi anthu awiri olongolola amatenga gemu yonse ndipo ofatsa amangoponya makadi kumene auzidwa. Ofatsawo muziwafunsa mwachindunji kuti akuganiza ndani ndipo chifukwa chiyani. Mfiti yochenjera imakonda kukhala chete pafupi ndi munthu waphokoso.

Chomaliza choti muzichiyang'anira ndi mathero a gemu, chifukwa akhoza kufika anthu osadziwa. Chiwembu chikachitika kawiri kapena katatu, zimatheka kuti onse otsala ndi afiti, koma sakudziwana, poti watsopano amadziwa wa kumanzere kwake yekha mpaka usiku ufike. Amapitiriza kunenezana ndi mtima wonse, ndipo akhoza kuvundukula okha khadi lomaliza la ufiti n'kupereka chipambano kwa a m'mudzi amene onse ali kale m'manda. Mfiti yatsopano ikaona kuti anthu atsala ochepa, isathamangire kumaliza mlandu wa munthu amene sikumudziwa. Itole makadi, ikokere usiku pafupi. Wolengeza akadzati "afiti tsegulani maso," anthu atatu otsalawo n'kutsegula onse, gemu yatha.